Kodi Galu Uja Anabwerako? Nyama za M'makatuni Zimene Zinapitadi Kuthambo

Anzanga, taimani kaye pa bolodi pano belu lisanalire.

Holide yapitayi ndinkaonera katuni ndi mlongo wanga wa Sitandade 4 kwathu ku Chibanja konkuno. Inali ya agalu awiri ovala zipewa zagalasi, akuuluka m'chombo kupita kuthambo. Itatha, mwana uja anandifunsa kuti, "Achimwene, zinachitikadi zimenezi?" Ine osaganiza n'komwe ndinangoti ndi zopeka basi, galu angakwere bwanji roketi? Ndinamunamiza. Nditafufuza ndinapeza kuti agalu aja analikodi, mayina awo ndi omwewo, ndipo nkhani ya nyama zopita kuthambo inafika mpaka ku Africa kuno, ngakhale pa Lusaka pomwepa. Ndinapezanso kuti pali zambiri zimene makatuni amadumpha.

Bwanji ankatumiza nyama?

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, dziko la America ndi la Soviet Union, limene likulu lake linali ku Moscow, anayamba kulimbirana kuti woyamba kufika kuthambo akhale ndani. Kuthambo si kutali kwenikweni ayi. Akatswiri ambiri amati kumayambira pa makilomita 100 kuchokera pansi pano, ngati kupita ku Nkhata Bay n'kubwerako, kungoti ulendo wake ndi wolunjika m'mwamba. Chovuta ndi liwiro. Kuti chombo chizizungulira dziko osagwa, chimafunika kuthamanga pafupifupi makilomita 8 pa sekondi imodzi. Pa liwiro limenelo, Mzuzu mpaka Lilongwe mwafika mphindi imodzi isanathe.

Madokotala sankadziwa ngati thupi lingapirire zimenezi. Roketi ikamanyamuka, thupi limalemera kangapo. Ikafika m'mwamba, thupi limangoyandama, ngati mmene m'mimba mumamvekera minibasi ikatsetsereka mwadzidzidzi, koma osatha. Kodi mtima upopabe magazi? Kodi munthu angathe kumeza chakudya? Kodi mutu uziyendabe bwino? Munthu akafuna kuwoloka mtsinje umene sakuudziwa amayamba wapisa ndodo. Nyama zija ndizo zinali ndodo.

Laika, galu wa mumsewu

Pa 4 Okutobala 1957 a Soviet anaulutsa Sputnik 1, chombo choyamba kuzungulira dziko. Mtsogoleri wawo, Nikita Khrushchev, anafuna china chodabwitsa msangamsanga, chisanafike chikondwerero chawo cha pa 7 Novembala. Mainjiniya anapanga Sputnik 2 m'masabata anayi okha, ndipo pa 3 Novembala anaikamo galu wamkazi dzina lake Laika, kutanthauza wouwa.

Laika anali galu wongoyendayenda m'misewu ya Moscow, wofanana ndi aja timawaona akufukula m'dzala kuseri kwa msika. Ankasankha dala agalu oterewa chifukwa anali atazolowera kale njala ndi kuzizira. Powaphunzitsa ankawatsekera m'timabokosi tochepa kwa masiku ambiri, n'kumawazunguliza pa makina kuti azolowere kulemera kwa thupi.

Chombo chija chinalibe njira yobwererera, ndipo onse ankadziwa zimenezo. Dokotala wina wa pa ntchitoyi, Vladimir Yazdovsky, anamutengera Laika kunyumba kwake kuti akasewereko ndi ana ake ulendo usanafike. Boma linauza dziko kuti galuyo anakhala moyo masiku angapo. Zoona zake zinadziwika mu 2002, pamene wasayansi Dimitri Malashenkov anaulula kuti Laika anafa patangopita maola ochepa chifukwa cha kutentha kwa m'chombomo. Wasayansi winanso amene ankaphunzitsa agaluwa, Oleg Gazenko, anavomera mu 1998 kuti zimene anaphunzira pa ulendowo sizinali zokwanira kuphera galu.

Mwina n'chifukwa chake opanga mafilimu a ana amakonda agalu ena awiri amene nkhani yawo inatha bwino.

Belka ndi Strelka

Katuni imene tinkaonera ija ndi Space Dogs, yopangidwa ku Russia mu 2010. M'menemo Belka ndi galu wochita masewera oseketsa anthu, Strelka ndi wa mumsewu, ndipo onse amalankhula ndi kuyendetsa zinthu m'chombo ngati anthu. Zenizeni n'zakuti onse awiri anatoledwa mumsewu, ndipo m'chombo anali omangidwa ndi malamba, thupi lonse mawaya oyezera mtima ndi kapumidwe.

Ananyamuka pa 19 Ogasiti 1960 limodzi ndi mbewa, makoswe, ntchentche ndi zomera. Anazungulira dziko kwa tsiku lathunthu n'kutera ali moyo, kukhala oyamba kuchita zimenezi. Pa ulendowo Belka anavutika mpaka kusanza. Madokotala ataona izi anachita mantha, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Yuri Gagarin, munthu woyamba kupita kuthambo, anangozungulira dziko kamodzi kokha pa 12 Epulo 1961.

Katuni ija imayambira ku White House, kagalu kakusimba nkhani. Apa sanapeke kwambiri: Strelka anadzabereka, ndipo Khrushchev anapereka kamwana kake kamodzi, Pushinka, ku banja la Pulezidenti John F. Kennedy mu 1961. Koma patangotsala masabata atatu kuti Belka ndi Strelka anyamuke, agalu ena awiri anafa roketi yawo itaphulika. Mu Disembala chaka chomwecho enanso awiri, Pchyolka ndi Mushka, sanabwereko.

Ham, mwana wa ku Cameroon

A ku America ankakonda anyani, poti thupi lake likufanana ndi lathu. Wotchuka kwambiri ndi Ham, nyani wa mtundu wa chimpanzi. Ameneyu anabadwira m'nkhalango za ku Cameroon cha m'ma 1957. Alenje anamugwira ali wamng'ono, n'kugulitsidwa mpaka kukafika kwa asilikali a ndege ku Holloman, m'chigawo cha New Mexico. Asanauluke ankangotchedwa Nambala 65.

Anamuphunzitsa kukankha kachitsulo nyali ikayaka, pasanathe masekondi asanu. Akakhoza ankalandira kachidutswa kokoma ngati nthochi. Akachedwa, magetsi ankamugwira kuphazi. Pa 31 Januwale 1961 anauluka kuchokera ku Cape Canaveral kwa mphindi 16 ndi masekondi 39, ndipo ntchito ija anaigwira ndithu ali m'mwamba. Umenewu unali umboni wakuti munthu angathe kuganiza ndi kugwira ntchito kuthambo. Chombo chake chinagwera m'nyanja ya Atlantic, madzi n'kuyamba kulowa asanamuvuule. Patapita miyezi itatu, Alan Shepard anatsata njira yomweyo.

Pali chithunzi chotchuka cha Ham mano ali pamtunda, ndipo manyuzipepala ankati akumwetulira. Jane Goodall, mayi amene anakhala zaka zambiri akuphunzira za anyaniwa ku Gombe, ku Tanzania, anafotokoza kuti nkhope yoteroyo kwa chimpanzi ndi ya mantha aakulu. Mnzake wa Ham, Enos, anazungulira dziko kawiri pa 29 Novembala 1961, koma makina anasokonekera, moti magetsi ankamugwira ngakhale atakhoza. Ham anatha zaka zotsala za moyo wake kumalo osungirako nyama, ndipo anafa mu 1983 osaonanso nkhalango ya kwawo.

Mafilimu awiri anatengera nkhani imeneyi. Race to Space ya mu 2001 imasimba za mnyamata amene anapalana ubwenzi ndi chimpanzi dzina lake Mac. Space Chimps ya mu 2008 inapeka mdzukulu wa Ham amene akukakumana ndi zolengedwa za kudziko lina. Onse ndi okoma kuonera, koma ulendo wochokera ku Cameroon suli pakati pa nkhani zawo.

Ndiye palinso mphaka. Pa 18 Okutobala 1963 a ku France anaulutsa mphaka wamkazi, Félicette, kuchokera ku Hammaguir, m'chipululu cha Sahara ku Algeria. Anakwera kupitirira makilomita 150 n'kutera bwinobwino ndi parachuti. Patatha miyezi iwiri anamupha kuti apime ubongo wake. Chipilala chomukumbukira chinaikidwa mu 2019 ku Strasbourg.

Amphaka awiri a ku Lusaka

Tsopano tiyandikire kwathu. Mu 1964, chaka chimene Malawi analandira ufulu pa 6 Julaye ndipo Zambia pa 24 Okutobala, ku Lusaka kunali mphunzitsi wina dzina lake Edward Mukuka Nkoloso. Anabadwa mu 1919, anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndipo atsamunda anamutsekerapo m'ndende chifukwa chomenyera ufulu. Iyeyu anakhazikitsa bungwe lotchedwa Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy, n'kulengeza kuti Zambia ipitirira America ndi Soviet Union pa ulendo wa ku mwezi, kenako ku Mars.

Ophunzira ake ankawatcha Afronauts. Ankachita maphunziro awo pa famu ina yakale kunja kwa Lusaka. Wophunzira ankalowa mu mgolo wa mafuta wa malita 200, anzake n'kuugubuduza pa chitunda kuti azolowere kugwedezeka kwa roketi. Ankakweranso katungwe kuti alaweko kuyandama kuja, ndi kuyenda chadodolido. Roketi yawo, yooneka ngati mgolo, inkatchedwa D-Kalu 1 polemekeza Kenneth Kaunda. Okwera ulendo wa ku Mars anali mtsikana wa msinkhu ngati wathu, Matha Mwamba, mmishonale mmodzi, ndi amphaka awiri amene Nkoloso ankati ndi ophunzitsidwa mwapadera. Anapempha mapaundi 7 miliyoni ku UNESCO. Ndalamazo sizinabwere, boma la Zambia linadzipatula pa nkhaniyi, ndipo palibe amene anauluka, munthu kaya mphaka.

Atolankhani akunja anabwera ndi makamera n'kumuseka kwambiri. Koma taganizani bwino. Kuzunguliza thupi kuti lizolowere, ndi kutenga nyama pa ulendo, ndi zomwezo zimene ankachita ku Moscow ndi ku Holloman. Chosiyana chinali chuma ndi makina. Komanso Nkoloso analemba kuti mmishonale uja anamuchenjeza kuti asakakakamize anthu a ku Mars kulowa Chikhristu ngati sakufuna. Munthu amene anakulira pansi pa atsamunda akalankhula choncho, kodi akulota kapena akunyogodola? Wolemba mabuku wa ku Zambia, Namwali Serpell, anafufuza nkhaniyi n'kufunsa funso lomwelo: mwina wosekedwayo ndi amene ankaseka anzake. Serpell anaika Nkoloso ndi Matha m'buku lake la mu 2019, The Old Drift. Nayenso Nuotama Bodomo wa ku Ghana anapanga filimu yaifupi yotchedwa Afronauts mu 2014. Nkoloso anamwalira mu 1989.

Mwa nyama zonse zimene ndatchula, amphaka a ku Lusaka okha ndi amene mpikisanowu sunawapweteke, poti roketi yawo sinanyamuke.

Ndiye tisiye kuonera?

Ayi, aise. Pakanapanda katuni ija ine sindikanadziwa n'komwe za Belka. Opanga mafilimu a banja amafuna kuti agogo, makolo ndi ana aonere limodzi n'kukagona mtima uli m'malo, choncho amasankha nyama zimene zinabwerako, amazipatsa mawu, n'kuzionetsa ngati zinadzipereka zokha. Apa ndi pamene pali bodza lalikulu. Gagarin ndi Shepard anafunsidwa ndipo anavomera akudziwa kuti angafe. Laika, Ham ndi Félicette sanafunsidwe.

Komatu filimu ikhoza kunena zoona ana n'kuikondabe. Ambiri mwaonera The Boy Who Harnessed the Wind ya mu 2019, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu. Galu wake Khamba amafa nthawi ya njala, ndipo opanga filimu sanabise. Zimapweteka, koma n'zimene zimakuchititsa kumvetsa kuti njala ija inali yotani.

Choncho mukaona filimu yolembedwa kuti yachokera pa nkhani yoona, kaya pa foni, pa TV kapena ku vidiyo sho, dzifunseni: ndi ziti zinachitikadi, ndi ziti awonjezera, nanga ndani amene amusiya kunja? Kenako fufuzani, funsani aphunzitsi a Physics kapena a History. Musachite ngati ine, kuyankha mwana zinthu zimene simunazifufuze.

Ndinabwerera kwa mlongo wanga uja kukakonza bodza langa. Ndinamuuza kuti Belka ndi Strelka analikodi ndipo anabwerako. Anasangalala. Kenako anafunsa ngati agalu onse anabwerako, ndipo ndinamuuza za Laika. Anakhala duu kwa kanthawi, n'kufunsa chifukwa chake sanatumize wina kukamutenga. Ndinamufotokozera kuti nthawi imeneyo njira yotsitsira chombo inali isanapezeke. Iye anati ndiye akanadikira kaye. Ine ndinasowa choyankha.

Amene muli ndi yankho, lembani mupachike pansi pa nkhani ino. Ndipo inu a Fomu 2 amene mumajambula kuseri kwa makope a Maths, tikufuna katuni ya amphaka awiri a ku Lusaka pa bolodi pano mwezi wamawa. Mayina muwapatse nokha.

Wolemba: mnzanu wa Fomu 3