MPHATSO ZIMENE ZICIRIKIZA CIPATALA CA ST FRANCIS

Mai wa kwa Mfumu Zingalume ku Chadiza akavutika pobereka, kapena mlimi akathyoka mwendo pogwa pa ngolo, kawiri-kawiri ulendo wao umathera ku cipatala ca St Francis ku Katete.

Cipatalaci cinakhazikitsidwa m'caka ca 1948 ndi wansembe wa mpingo wa Anglican, Bambo Francis Trefusis. Dotolo James Cairns anafika mu 1958, natumikira anthu a Cigawo ca Kum'mawa kufikira 1996. Kuyambira mu 1986 mipingo ya Anglican ndi Katolika ikuciyendetsa mogwirizana.

Boma limalipira anchito ambiri ndi kutumiza mankhwala, koma odwala ndi oculuka kotero kuti thandizoli silikwanira. Apa ndipo pamalowa abwenzi a cipatalaci a ku Britain ndi ku Netherlands, amene amasonkha ndalama zogulira mankhwala, zipangizo za opaleshoni ndi zokonzera nyumba zogonamo odwala.

Pamalopo palinso sukulu ya anamwino ndi azamba. Otsiriza maphunziro amakagwira nchito m'zipatala zing'ono-zing'ono za kumidzi, motero cithandizo coperekedwa ku Katete cimafika kutali.

Koma ilipo mphatso imodzi imene sicokera kutsidya kwa nyanja, ndiyo magazi. Mai amene wataya magazi pobereka, kapena mwana amene malungo amuthera magazi, sangathe kudikira. Munthu wamkulu wathanzi akapereka magazi thupi lake limabwezeretsa lokha, ndipo mawa wopulumuka nao angakhale mwana wake yemwe. Paja akulu anati kupatsa n'kuika.