Kompyuta Ikadzuka Yopanda Mawu

Mphunzitsi wachezera usiku kukonza kanema wa phunziro la sayansi, ndipo pomaliza watseka chivindikiro cha laputopu yake, wakagona. Kutacha, wayitsegula pamaso pa kalasi yodzaza. Zithunzi zikuyenda bwino lomwe, koma mawu zii. Anthu ambiri zoterezi zikawagwera amathamangira kwa okonza, ndipo ena amataya ndalama kugula masipika atsopano pomwe akalewo ali bwinobwino.

Gwero la vutoli ndi tulo ta makinawo. Chivindikiro chikatsekedwa, kompyuta sizima ayi. Imangodula magetsi ku ziwalo zake zambiri, koma ntchito imene inali mkati imasungidwa. Dongosolo la kugona ndi kudzukali limatchedwa ACPI, ndipo analikhazikitsa mu 1996 ndi makampani a Intel, Microsoft ndi Toshiba. Nthawi yodzuka ikakwana, chiwalo chilichonse chimadzutsidwa ndi kapulogalamu kakekake kotchedwa driver. Tsono driver ya mawu ikaphonya, kompyuta yonse imadzuka, koma chiwalo cha mawu chimatsalira m'tulo.

Choyamba, mwini makina aone kumene mawuwo akupita. Laputopu imene inalumikizidwa ku pulojekita kapena ku wailesi yakanema ndi chingwe cha HDMI, kapenanso ku mahedifoni a Bluetooth, nthawi zina imadzuka ikutumizabe mawu komweko. Akadina kachizindikiro ka sipika m'munsi mwa sikirini ndi kusankha masipika a laputopuyo, kawirikawiri mawu amabwerera pomwepo.

Zikakanika, pa Windows atsegule Device Manager, apeze chiwalo cha mawu, achizimitse ndi Disable, kenaka achiyatsenso ndi Enable. Kutero kuli ngati kugwedeza munthu wogona.

Pali msampha wina umene wakola ambiri. Kuyambira pa Windows 8, imene inatuluka mu 2012, makina ambiri ali ndi Fast Startup yofulumizitsa kuyaka. Munthu akasankha Shut down, kompyuta imasunga madriver monga momwe analiri, ndi vuto lawo lomwe, n'kudzawabwezera poyaka. Restart ndiyo imayambitsa zonse mwatsopano. N'chifukwa chake wina amazimitsa ndi kuyatsa katatu konse popanda chosintha, mnzake n'kungosankha Restart kamodzi, mawu n'kumveka.

Vutoli likamabwera tsiku ndi tsiku, mankhwala ake ndi kuika driver yatsopano yochokera ku kampani imene inapanga laputopuyo. Kwa okonza n'koyenera kupita pokhapokha zonsezi zitalephereka, makamaka ngati mahedifoni akumveka koma masipika ali chete.

Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mphunzitsi uja akadekha mphindi zochepa chabe, ana amva phunziro lawo, ndipo ndalama ya masipika ikagula ufa kunyumba.