"INDE" WA KUMUDZI NDI "YES" WA KU MIGODI

Kuyambira kale amuna a kwa Chikomeni akhala alikupita kukagwira nchito ku migodi ya Nkana, Mufulira ndi Nchanga. Ambiri a iwo adziwa mau ocuruka a Cingelezi, koma kamau kamodzi kamawagwetsa m'mlandu, ndiko "yes".

Pa Cinyanja munthu akafunsidwa kuti, "Kodi simunatseke citseko?" amayankha kuti, "Inde, sindinatseke." Inde waceyo abvomereza mau a wofunsa. Cingelezi sicitero ai. Ico ciyang'ana cimene cinacitika. Kapitao akafunsa kuti, "Didn't you lock the door?" amene sanatseke ayenera kunena kuti, "No, I didn't," ndipo amene anatseka anene kuti, "Yes, I did."

Ngozi yace ndi iyi. Mnyamata amene sanatseke nyumba yosungiramo zida akayankha "yes" monga mwa kwao, kapitao amuka ali wokhulupirira kuti citseko ncotseka. M'mawa zida zikasowa, mnyamatayo ayesedwa wabodza, cinkana mumtima mwace ananena zoona. Comweco cicitikanso pamaso pa dokotala ndi pa bwalo la milandu, pakuti Cingelezi cinakhalabe cinenero ca boma ngakhale pamene Zambia analandira ufulu mu 1964.

Mankhwala ace ngapafupi. Pa funso lokhala ndi "not" munthu asayankhe ndi liu limodzi lokha. "Yes" aperekezedwe ndi "I did", ndipo "no" aperekezedwe ndi "I didn't". Akatero, wofunsa sadzakaika konse.