Matsenga osowetsa ndalama: chenjerani, mwana angaimeze

Wamatsenga akafumbata K10 yachitsulo, n'kutambasula dzanja mulibe kanthu, ana amakuwa. Palibe mankhwala apa. Ndalamayo imatsala m'chikhatho cha dzanja linalo, pomwe maso a anthu akutsatira dzanja lopanda kanthu.

Vuto limabwera ana akamayeserera kunyumba, n'kubisa ndalamayo m'kamwa. Ikatsetsereka imatha kukakamira kummero. Mwana amachucha dovu, amalephera kumeza, mwinanso kubanika.

Musamusanzitse, musamupise chala kukhosi, musamumezetse nsima. Thamangirani naye kuchipatala cha boma cha Chiradzulu. X-ray imaonetsa pomwe ndalama yaima. Ngati wameza kabatire ka wotchi, musadikire kuti kuche: kamawotcha kummero m'maola awiri okha.

Chinsinsicho aphunzitseni nokha: ndalama ibisike m'manja, osati m'kamwa.