KODI DZINA LANU LALEMBEDWA BWINO PA KHADI LA KU CIPATALA?

Palibe munthu amene amakondwera dzina lake likapotozedwa. Mkulu wa kwa Nkhoma akamva akuitanidwa kuti "Nkoma", kapena mai wa kwa Jere akaona pa khadi palembedwa "Jele", mtima umawawa ndithu, pakuti dzina ndi mphatso ya makolo ndipo limanena kumene munthu anacokera. Koma ambiri a ife timangodandaula camumtima, tilandira khadi lija, tiliika m'thumba ndi kumapita. Timati ndi nkhani yaing'ono.

Pa msika kapena ku mpira ingakhaledi yaing'ono, koma ku cipatala ai. Kumeneko dzina ndilo cingwe cimene cimamanga pamodzi wodwala, faelo yake, magazi ake amene apita kukapimidwa, ndi mankhwala amene ayenera kumwa. Cingwe cimeneci cikaduka, anthu awiri amasanduka munthu mmodzi, kapena munthu mmodzi amasanduka anthu awiri. Zonse ziwirizi ndi zoopsa.

MAINA AMALAKWIKA BWANJI?

Coyamba ndi kalembedwe ka cinenero cathu. M'Cinyanja "l" ndi "r" zimamveka ngati liu limodzi, cotero wina alemba Chirwa, wina Chilwa, wina Nyirenda, wina Nyilenda. Palinso "h" amene amagwa msanga pamene munthu alemba mothamanga: Nkhata asanduka Nkata, Thokozile asanduka Tokozile. Ena amati Mabvuto, ena Mavuto. Ena Dalitso, ena Daliso. Ena Masautso, ena Masauso. Ngakhale komboni imodzi ya mu Chipata mudzaiona italembedwa Nabvutika pa pepala ili ndi Navutika pa pepala lija. Malamulo a kalembedwe amene Unduna wa Maphunziro unabvomereza m'caka ca 1977 amalemba "c" pamene anzathu a ku Malawi amalemba "ch", motero mwana mmodzimodziyo angakhale Cikondi m'buku la ku sukulu ndi Chikondi pa khadi la ku sikelo.

Caciwiri ndi mmene nchito imayendera pa kiliniki. Anamwino ndi akalaliki amacokera m'zigawo zonse za dziko lino, ndipo dzina limene ndi lapafupi kwa Mcewa, Mnsenga, Mngoni kapena Mtumbuka lingakhale lacilendo m'makutu a munthu amene anakulira kwina. M'Cibemba, mwacitsanzo, mulibe cilembo ca "r". Onjezanipo phokoso la pa mzere, ana akulira, ndi liu lofooka la munthu wodwala. Dzina lija silembedwa kamodzi kokha ai. Licoka pakamwa kupita pa khadi, pa khadi kupita m'buku lalikulu, m'buku kupita pa kabotolo ka magazi, kenaka m'kompyuta. Paliponse pamene likoperedwa cilembo cimodzi cingathe kutayika.

Cacitatu ndife eni ake. Munthu mmodzi amakhala ndi dzina la pamcombo, dzina la ubatizo ndi dzina limene anzake amamuitanira m'komboni. Mai wokwatiwa ali ndi dzina la atate ake pa citupa ca NRC, cimene ambiri timati reji, koma pa kiliniki apereka dzina la amuna ake. Kumudzi amachedwa Naphiri kapena Nyabanda, ndipo pakhomo aliyense amamudziwa kuti Amake Misozi. Maina onsewa ndi ake ndipo ndi aulemu, koma buku la ku cipatala limafuna limodzi cabe, losasintha.

ANTHU AWIRI, DZINA LIMODZI

Kuno kum'mawa mukaitana kuti "a Banda" kapena "a Phiri" pa mzere wa odwala, anthu angapo amaimirira pamodzi. N'cimodzimodzinso a Tembo, a Zulu, a Mwale, a Mbewe, a Daka ndi a Sakala. Nthawi zina ngakhale dzina loyamba limafanana. Munthu amene wakhala pa benchi kuyambira m'mamawa akamva dzina lofanana ndi lake amalowa msanga osafunsa, poopa kuti malo ake angapite.

Taganizani zimene zingatuluke pamenepo. Wina angauzidwe kuti makhololo ake alibe kacirombo ka TB pamene zotsatirazo ndi za mnzake. Iye abwerera kunyumba akutsokomolabe ndi kupatsira ana ake, pamene mnzake uja ayamba mankhwala a miyezi 6 amene sanali kuwafuna. Wina angatenge mapiritsi a matenda a shuga amene analembedwera munthu wina, ndipo mapiritsi otere angatsitse shuga wa m'thupi mwa munthu wabwinobwino mpaka kukomoka.

Coopsa koposa ndi kuikidwa magazi. Magazi a anthu ali m'magulu anai, A, B, AB ndi O, ndipo sasakanizidwa wamba. Munthu wa gulu la O akapatsidwa magazi a gulu la A kapena B, thupi lake limayamba kuwaononga nthawi yomweyo. Amanjenjemera, thupi limatentha, msana umawawa, mkodzo umada, impso zingaleke kugwira nchito ndipo angathe kufa. N'cifukwa cake namwino amafunsa dzina mobwerezabwereza asanapacike thumba la magazi. Musamuone ngati wobvuta, akuteteza moyo wanu.

Bvuto limeneli si la dziko lathu lokha. M'caka ca 2007 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza zipatala zonse kuti wodwala azizindikiridwa ndi zinthu zosacepera ziwiri, monga dzina lonse ndi tsiku lobadwa, asanapatsidwe mankhwala, magazi kapena kucitidwa opareshoni. Linanenanso kuti nambala ya cipinda cimene wodwala wagonamo isamagwiritsidwe nchito pomuzindikira, pakuti odwala amasunthidwa.

MUNTHU MMODZI, MAFAELO AWIRI

Mbali ina ya bvutoli siioneka msanga. Mwapita ku kiliniki, kalaliki afunafuna faelo yanu pa dzina limene mwachula lero, osaipeza cifukwa caka catha inalembedwa mosiyana. Poona mzere kutalika, akutsegulirani faelo yatsopano. Inu mukondwa kuti zathamanga, koma mbiri yonse ya matenda anu yatsala m'faelo yakale.

M'faelo yakale ija mwina munalembedwa kuti penisilini kapena Septrin sagwirizana ndi thupi lanu, kuti munatupa kapena munatuluka zilonda mutamwa. Dokotala watsopano sadziwa zimenezi ndipo angakulembereni mankhwala omwewo. Mai wapakati amene anabereka mwa opareshoni kapena anataya magazi ambiri pa mimba yapita afunika kuyang'aniridwa mwapadera, koma faelo yatsopano siinena kanthu. Odwala BP ndi shuga amayambanso poyambirira, monga ngati sanapimidwepo.

Kwa amene amamwa ma ARV kapena mankhwala a TB, faelo yosowa ingacititse kuti munthu awerengedwe ngati analeka mankhwala pamene iye amamwa mokhulupirika. Zotsatira za magazi oonetsa kuculuka kwa kacirombo m'thupi zikabwera kucokera ku labu pa dzina losiyana, zimasowa mwini wake, ndipo munthu amauzidwa kuti apereke magazi ena. Uko ndi kutaya nthawi, ndalama ya basi ndi tsiku la nchito.

Zipatala zambiri tsopano zimasunga mbiri ya odwala m'makompyuta mwa njira yochedwa SmartCare. Izi zathandiza, koma kompyuta imatsata zimene yapatsidwa. Kwa iyo Mabvuto ndi Mavuto angakhale anthu awiri. N'cimodzimodzi ku NHIMA, inshuwalansi ya za umoyo imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 2018: munthu amalembetsa ndi nambala ya reji, ndipo maina akasiyana pa mapepala pamakhala kucedwa pa nthawi imene wodwala afuna thandizo msanga.

KHADI LA MWANA

Makolo ayenera kusamala kwambiri pa dzina la khanda. Mwa mwambo wathu mwana sapatsidwa dzina mpaka mcombo utagwa ndipo watuluka m'cikuta. Cotero pa masiku oyamba cipatala cimamudziwa ndi dzina la amake, ndipo ndilo limalembedwa pa kalamba kamene amamangidwa pa dzanja kapena pa mwendo. Mai aonetsetse kuti dzina la pa kalambako ndi lake ndithu, ndipo asakacotse asanatuluke m'cipatala.

Dzina likaperekedwa kunyumba, atate ndi amai agwirizane kalembedwe kake, alilembe pa pepala, ndipo pepala limenelo lipite ku sikelo. Kawirikawiri amene amapereka mwana ku sikelo mwezi wina ndi agogo, azakhali kapena mlongo wake, ndipo aliyense amachula dzina limene iye amakonda. Mwana amalandira katemera atangobadwa, pa masabata 6, 10 ndi 14, ndiponso katemera wa cikuku pa miyezi 9 ndi 18. Khadi likatayika, namwino amayang'ana m'buku kuti adziwe katemera amene watsala. Ngati m'buku muli dzina lina, sadzapezamo kanthu.

Khadi la ku sikelo silithera pa zaka zisanu. Ndilo limene makolo ambiri amaonetsa polembetsa mwana ku sukulu ndi potenga cikalata ca kubadwa. Lamulo limafuna kuti kubadwa kwa mwana kulembetsedwe pasanathe mwezi umodzi, komabe kafukufuku wa boma wa m'caka ca 2018 anapeza kuti mwa ana 100 osakwana zaka zisanu, 14 okha ndi amene analembetsedwa. Kwa ana otsalawo khadi la ku sikelo ndilo umboni woyamba wa dzina ndi tsiku lobadwa. Cilembo colakwika pa khadi cimalowa m'buku la ku sukulu, pa satifiketi ya mayeso, mpaka pa reji imene mwana amatenga akakwanitsa zaka 16. Kukonza pa nthawi imeneyo kumafuna kukalumbira pamaso pa wolumbiritsa ndi kuyenda m'maofesi, pamene ku sikelo kukanatenga mphindi imodzi.

KUBWEREKA DZINA

Pali ena amene amasintha dzina dala. Wina acita manyazi ndi matenda opatsirana pogonana, ndiye apereka dzina labodza kuti anansi asadziwe. Wina abwereka khadi la mkulu wake kapena la mnzake wa nyumba yoyandikana. Mcitidwe umenewu umabvulaza anthu awiri. Wobwereka amacizidwa potsata mbiri ya munthu wina, ndipo mwini khadi amatsala ndi matenda, gulu la magazi kapena mankhwala amene si ake olembedwa m'faelo yake. Anchito a zaumoyo ali ndi udindo wosunga cinsinsi ca wodwala. Ngati muopa kuonedwa pa kiliniki ya pafupi, ndi bwino kupita ku kiliniki ina ndi dzina lanu lenileni kusiyana ndi kubisala m'dzina la mwini wake.

ZOYENERA KUCITA

1. Sankhani dzina limodzi la ku cipatala, lomwe lili pa reji yanu, ndipo muzipereka lomwelo kulikonse. Amai amene amagwiritsanso nchito dzina la amuna ao auze kalaliki maina onse awiri.

2. Nyamulani reji kapena khadi lakale kuti wolemba akopere m'malo momvera pakamwa. Ngati mulibe, lembani dzina pa kapepala musanacoke panyumba.

3. Werengani khadi musanacoke pa windo. Ngati simudziwa kuwerenga kapena maso abvuta, pemphani wolembayo akuwerengereni, kapena mwana wa sukulu akuonereni.

4. Dziwani tsiku, mwezi ndi caka cobadwa, canu ndi ca ana anu. Mukaitanidwa, chulani nokha dzina lonse ndi tsiku lobadwa m'malo mongoyankha kuti "ndine".

5. Popereka magazi, mkodzo kapena makhololo, onani dzina limene lalembedwa pa kabotolo. Polandira mankhwala kapena zotsatira, onaninso dzina pa pepala. Mankhwala akaoneka osiyana ndi a masiku onse, funsani musanamwe.

6. Ngati mudwazika nkhalamba, mwana kapena munthu amene satha kulankhula, inu ndinu pakamwa pake. Uzani namwino ngati m'wodi muli wodwala wina wa dzina lofanana.

7. Mukapeza colakwa pa khadi, musafute kapena kulembapo nokha. Bwererani nalo kuti akonze pa khadi, m'buku ndi m'kompyuta momwe. Ngati muli ndi mafaelo awiri, nenani kuti awaphatikize.

Kwa anzathu a m'zipatala pempho ndi lakuti, dzina likakubvutani funsani mwini wake kuti amalichula bwanji ndipo amalilemba bwanji. Wodwala amene waitanidwa bwino ndi dzina lake amamasuka, ndipo amafotokoza matenda ake osabisa.

Ambiri timaopa kuongolera wolemba poganiza kuti ndi mwano, kapena kuti atikalipira ndi kutibweza kumbuyo kwa mzere. Kunena mwaulemu kuti, "Pepani, dzina langa lili ndi h pakati," si mwano ai. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Madzulo ano tulutsani makhadi onse a m'nyumba mwanu, a ana, a amai, a atate ndi a agogo, muwaike pamodzi ndi mareji, ndipo muone ngati maina ndi masiku obadwa agwirizana. Pamene pasiyana, pitani mukakonzetse mukali bwino, matenda asanagogode pakhomo.