MWANA WOCENJERA PAMUDZI NDI MLENDO KU CIONETSERO

Mwezi wa Julaye ukamapita kumapeto, cimanga cili m'nkhokwe ndipo cina cagulitsidwa, mabanja ambiri a ku Chalimbana ndi midzi yozungulira amayamba kukamba za ulendo wa ku Lusaka. Imeneyi ndiyo nyengo ya Cionetsero ca Zaulimi ndi Zamalonda, cimene ambiri a ife timangociti Sho, cimene cimatsekedwa pa Tsiku la Alimi, Lolemba loyamba la mwezi wa Ogasiti. Ulendo wake si wautali. Munthu akakwera minibasi pa Chongwe amayenda makilomita osafika 50 mu mseu wa Great East, natsikira pafupi ndi bwalo la Cionetsero.

Mavuto amayambira pacipata. Atate mtima uli ku makola a ng'ombe za mkaka, mathirakitala ndi mbeu zatsopano. Amai afuna kukaona nsalu, mapoto ndi makina osokera. Koma ana maso ali kumwamba, kumene cigudumu cacikulu cili kuzungulira ndi anthu, ndi kumene akatungwe a makina ali kuulutsa anzao. Tsono kholo lotopa ndi kulira kwa ana limapisa dzanja m'thumba, nilipatsa ndalama wamkulu wa anawo ndi kunena kuti, "Sewerani pompano, musacoke, tibwera tsopano apa." Dzuwa likamapendeka, zokuzira mau zimayamba kulengeza za ana amene apezedwa ali kulira, ena a iwo osadziwa ngakhale dzina la atate ao.

Kodi mwana ayenera kufika msinkhu wanji kuti asiyidwe yekha pamalo otere? Ambiri amayankha ndi kuwerenga zaka. Koma zaka zokha sizikwanira. Tiyenera kuonanso malo amene tili kumusiyapo.

Cimene cimasunga mwana pamudzi

Tisafulumire kunena kuti makolo otere ndi osasamala. Mwana wa kumudzi amakhwima msanga. Wa zaka 7 amapita yekha kusukulu, amatumidwa kukagula mcere pakantemba, amapirikitsa mbuzi m'munda. Wa zaka 10 amapita ndi cimanga kucigayo, amatunga madzi pacitsime, amabereka mng'ono wake kumbuyo. Cifukwa cake kholo limaganiza kuti, ngati mnyamatayu amaweta ng'ombe kudambo tsiku lonse, angalephere bwanji kukhala pa katungwe maola awiri?

Koma tiyeni tione bwino. Mwana uja poyenda pamudzi sakhala yekha konse. Ambuya okhala pakhonde amuona popita, amalume ali kudimba amuona pobwera. Aliyense wokumana naye panjira adziwa kuti uyu ndi mdzukulu wa auje. Akapatukira kumtsinje, mai aliyense ali nayo mphamvu ya kumubweza, pakuti akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndiponso mwanayo adziwa culu ciliconse, mtengo uliwonse ndi njira iliyonse ya cidule. Kucenjera kwake n'koona, koma kwatsamira pa maso a mudzi wonse.

Ku Cionetsero maso amenewo kulibe. Pa kalembera wa mu 2022, mzinda wa Lusaka unali ndi anthu oposa 2 miliyoni, pamene boma lonse la Chongwe linali ndi anthu oposa 300,000 pang'ono. Pa masiku a Sho anthu zikwizikwi amapanikizana m'bwalo limodzi, ndipo palibe amene adziwa mwana wanu. Munthu wacilendo atamugwira dzanja ndi kutuluka naye pacipata, mwanayo ali kulira, oona angangoti ndi atate ake amene amumana switi.

Palinso cinthu cina cimene ife akulu timaiwala. Munthu wamkulu akaimirira m'khamu amaona madenga, mbendera ndi zipata, nadziwa kumene wacokera. Mwana amaona miyendo, zikwama ndi zitenje basi. Amatsata citenje cofanana ndi ca amai ake, ndipo akadzazindikira kuti mwini citenje ndi wina, wayenda kale mtunda. Mantha akamugwira saima pamalo amodzi, amathamanga, napita kutali koposa. Akatuluka kunja amapeza mseu wa Great East wodzala ndi magalimoto, ndipo odziwa za ngozi za pamseu amati mwana wosafika zaka 10 satha kuyeza bwino liwiro la galimoto imene ili kubwera.

Nao akatungwe a makina sali ngati katungwe wa cingwe wa pamtengo wa mango. Ali ndi malamba ndi zitsulo zochingira zimene anazipangira thupi la msinkhu wakutiwakuti, kotero mwana wocepa angathe kupulumukira pansi pa citsulo makina ali kuthamanga. Mnyamata woyendetsa makinawo maso ake ali pa ndalama, pa mzere wa anthu ndi pa makina. Sanalembedwe nchito ya kulera ana.

Mmene amacitira maiko ena

Ku America kuli malo ochuka a zosewerera, monga Disneyland ku California, amene anatsegulidwa mu 1955, ndi Walt Disney World ku Florida, amene anatsegulidwa mu 1971. Malo amenewa ali ndi alonda ambiri, makamera, ndi zipinda zosungiramo ana osocera. Ngakhale zili tero, mu 2013 eni ake anaika lamulo lakuti mwana wosafika zaka 14 salowa pacipata pokhapokha ali ndi munthu wa zaka 14 kapena kuposa. Wosafika zaka 7 sakwera cosewerera ciliconse popanda womuperekeza wa msinkhu womwewo wa zaka 14. Pa zosewerera zothamanga kwambiri amayeza kutalika kwa mwana pa ndodo, ndipo wopereweza amabwezedwa ngakhale alire motani.

Ngati anthu okhala ndi alonda ndi zipangizo zotere sakhulupirira kuti mwana wa zaka 9 angadzisunge yekha m'khamu, ife tingamusiye bwanji pamalo pamene sanapondepo cibadwire?

Ufulu uli ndi magiredi ake

Izi sizitanthauza kuti mwana timumange cingwe kufikira atamera ndevu. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Tsiku lidzafika limene mwana yemweyo adzakwera basi yekha kupita kusukulu ya sekondale yogonera konko, kapena kukafuna nchito m'tauni. Amene sanaphunzirepo kufunsa njira, kuwerenga cenji ndi kusunga nthawi, adzavutika pa tsiku limenelo koposa anzake, ndipo kholo silidzakhala pafupi.

Ife a ku Chalimbana tili ndi citsanzo pakhomo pomwe. Kuyambira mu 1939 malo ano akhala ali kuphunzitsa aphunzitsi, ndipo sukulu ija tsopano ndi yunivesite. Palibe mphunzitsi amene amapatsa mwana wa Giredi 2 mayeso a Giredi 7, ndiponso palibe amene amamusunga mu Giredi 2 moyo wake wonse. Amamukweza akakhoza. Ufulu wa kuyenda yekha uyenera kupatsidwa motero.

Mwana wosafika zaka 7 akhale kumbuyo kwa amai ake kapena dzanja lake likhale m'dzanja la munthu wamkulu nthawi yonse. Wa zaka 7 kufikira 10 angathe kukwera katungwe woyenera msinkhu wake, inu mutaimirira pamphepete, ndipo angathe kukagula cakumwa pamalo pamene maso anu afika. Wa zaka 11 kufikira 13 angathe kuyenda ndi mnzake, awiriawiri, m'cigawo cimodzi ca Cionetsero kwa theka la ola kapena ola limodzi, ndi kubwerera pamalo pamene mwapangana, osatuluka pacipata. Wa zaka 14 ndi kuposa angathe kuyenda ndi anzake kwa maola angapo, koma adziwe nthawi ya kukumana, ndipo mdima usawapeze okha.

Zaka zimenezi ndi citsogozo cabe, pakuti ana amasiyana. Muyeso weniweni uli kunyumba. Kodi mukamutuma amabwera pa nthawi yake, kapena amaiwalira ku mpira? Kodi angathe kuchula dzina lake lonse, maina a makolo ake, mudzi wake ndi mfumu yake popanda kudodoma? Kodi angakane munthu wacilendo womuitana kuti akamugulire zabwino? Muyeseni poyamba pamsika wa Chongwe. Mulekeni atsogole kucokera pamalo okwerera basi kufikira pa sitolo, inu muli pambuyo, ndipo mumufunse kuti, "Tikasiyana pano, ungacite ciani?" Akakhoza pamenepo, muonjezereni pang'ono. Mwana wosamva bwino, wa khunyu, kapena wamantha kwambiri afunika kuyandikiridwa ngakhale zaka zake zili zambiri.

Mlezi nayenso ndi mwana

Colakwa cofala kwambiri ndi kusiya khanda m'manja mwa mtsikana wa zaka 9 kapena 10. Kunyumba amalera bwino ndithu, cifukwa ambuya ali pafupi. Koma ku Sho iye mwini ndi mlendo, ndipo mtima wake nao uli pa cigudumu cija. Adzakhazika mng'ono wake pansi nanena kuti, "Undidikire pano," monga momwe makolo ake ananenera kwa iye. Kamwanako kakasowa, mkwapulo umagwera mtsikanayo, pamene wolakwa ndi wamkulu amene anamusenzetsa mtolo woposa msinkhu wake.

Ngozi ina imadza mabanja angapo akayendera pamodzi. Amai aganiza kuti mwana ali ndi atate ake, atate aganiza kuti ali ndi azakhali, azakhali aganiza kuti ali ndi amai. Akulu asanu ali pomwepo, koma woyang'anira palibe. Mankhwala ake ndi kuchula munthu mmodzi poyera: "Alamu, ana anai awa ali m'manja mwanu kufikira 14 koloko, pambuyo pake ndidzakulandirani." Tengerani nzeru kwa aphunzitsi akamayenda ndi ana a sukulu: amawerenga mitu pokwera basi, pacipata, akatha kudya ndi pobwerera.

Musananyamuke

Lembani pa kapepala dzina la mwana, dzina lanu, mudzi wanu ndi nambala ya foni, nimukaike m'thumba lake kapena mukamangirire ndi phini mkati mwa malaya. Dzinalo lisaoneke kunja, kuopa kuti munthu woipa angamuitane nalo ngati womudziwa. Muvekeni covala ca mtundu woonekera patali, ndipo ngati foni yanu ijambula, mujambuleni m'mawa momwemo kuti apolisi adzaone cimene wavala.

Mukangolowa, musonyezeni pamene pali apolisi, nimusankhe malo amodzi okumanirana amene aonekera patali ndipo palibe ena ofanana nao. Muuzeni zinthu zitatu: akasocera aime pomwepo osathamanga, apemphe thandizo kwa wapolisi wovala yunifomu kapena kwa mai amene ali ndi ana, ndipo asatuluke pacipata ndi munthu aliyense, ngakhale munthuyo anene kuti watumidwa ndi inu.

Mwana akasowa, musataye ola muli kuzungulira nokha cifukwa ca manyazi. Mmodzi atsale pamene mwanayo anaonekera komaliza, wina athamangire kwa apolisi kuti auze alonda a pazipata ndi kulengeza pa zokuzira mau. Pa nkhani iliyonse ya mwana amene ali pangozi mungathenso kuimba nambala 116, imene ndi ya Childline, ndipo salipiritsa.

Si ku Lusaka kokha

Zonsezi zikhudzanso misonkhano ya kwathu kuno. Pa mwambo wa Chakwela Makumbi wa Asoli, umene umacitikira m'dziko la Mfumukazi Nkomeshya Mukamambo mvula isanayambe, alendo amabwera ocokera kutali, magalimoto amaculuka, ndipo mudzi umaleka kukhala wa anthu odziwana okhaokha. Cimodzimodzi pa ukwati waukulu, pa mpira ndi pa misasa ya chalichi.

Pamene pafunika kuuma mtima koposa ndi pamadzi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linapeza kuti mu 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa ndi kumira, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anai aliwonse anali mwana wosafika zaka 5. Mwana akamamira kawirikawiri safuula. Amangolowa pansi mwakacetecete. Mtsinje wa Chalimbana, mtsinje wa Chongwe ndi madamu a m'mafamu amaoneka ofatsa m'cilimwe, koma si malo osiyirako ana aang'ono ngakhale pali anzao okulirapo.

Lamulo la Ana la mu 2022 limaika udindo wa kusunga ndi kuteteza mwana pa kholo kapena womulera. Udindo umenewu sitingaupereke kwa woyendetsa katungwe, kwa wogulitsa zitumbuwa kapena kwa mwana mnzake.

Pomaliza, inu makolo, mwana wosocera akapezeka musamulandire ndi mbama. Mantha amene waona ndi cilango cokwanira, ndipo mwana woopa kukwapulidwa amabisala m'malo mopempha thandizo. Mufunseni modekha cimene cinacitika, mumuyamikire ngati anaima pamalo amodzi kapena anapita kwa apolisi, ndipo caka camawa mumupatse ufulu wolingana ndi cimene wasonyeza. Pitani nao ana ku Cionetsero, akaone ng'ombe zonenepa ndi makina a ulimi, akakwerenso akatungwe. Koma powerenga mitu madzulo pa Chongwe, ciwerengero cikhale cimodzimodzi ndi ca m'mawa.