Kapinga, Maluwa ndi Mankhwala pa Chilumba cha Likoma

Pa Likoma palibe bwalo limene lili kutali ndi nyanja. Dothi lake ndi la mchenga ndi miyala. Motero mankhwala amene tipopera pa kapinga ndi maluwa, mvula ikagwa atsetsereka nayo kunka kumene kuli usipa ndi utaka, kumenenso anthu atunga madzi akumwa.

Nchifukwa chake tiyamba ndi kupenyetsetsa. Kapinga wofiirira m'mwezi wa Okotobala kawirikawiri ali ndi ludzu chabe, sadwala ai. Nsabwe za pa maluwa zifa ndi madzi a sopo, ndipo nthambi yogwidwa kwambiri tingoidula ndi kuitentha. Sikuti kachilombo kalikonse ndi mdani. Kodikodi atasakaza chinangwa ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1980, chimene chidamgonjetsa ndi kamavu kakang'ono kochokera ku South America, kamene Hans Herren ndi anzake adayamba kukafalitsa mu Africa mu 1981. Wopopera mwachisawawa apha abwenzi otere pamodzi ndi adani.

Chitsamba cha ombwe ambiri achiyamika poti nchachilengedwe. Komatu ndi chomwecho chimene makolo ankaphera nsomba. Pa chilumba tichigwiritse mosamala.

Mankhwala a m'sitolo abwere pomalizira: okhawo ovomerezedwa ndi Pesticides Control Board, pa muyeso wolembedwa pa botolo, madzulo opanda mphepo njuchi zitaleka kuuluka, wopoperayo atadziphimba manja, mphuno ndi pakamwa. Chopoperacho tisachitsukire kunyanja, ndipo botolo lotha tiliboole kuti wina asadzasungiremo madzi.